Posonkhera stenti ya mtima, tiwerengerenso miyezi imene mtsempha umatenga kuti upole

Kuno ku Harare, banja likauzidwa kuti bambo kapena mayi akufunika kuikidwa stenti, kaukonde kachitsulo kotsegula njira ya magazi, mu mtsempha wa mtima, nkhani yonse imasanduka ya ndalama. Uthenga umayenda pa WhatsApp kuchokera ku Mabvuku kukafika ku Mufakose, kuwolokera kwa ana amene ali ku Johannesburg ndi kwa abale otsala kumudzi ku Mulanje kapena ku Dedza, ndipo a kumpingo ndi a sosaite ya maliro nawo amaponyapo kangachepe. Onse amathamangira kukwanitsa chiwerengero chimene chalembedwa pa pepala la kuchipatala, ndipo chikakwana amapuma, n'kunena kuti ntchito yatha. Ine ndikuti chiwerengero chimenecho n'choperewera. Mastenti a masiku ano amapakidwa mankhwala amene ntchito yake ndi kuchedwetsa dala kumera kwa mnofu mkati mwa mtsempha, ndipo pa miyezi yonse imene mtsemphawo usanapole, moyo wa wodwala umatsamira pa mapiritsi awiri omwa tsiku ndi tsiku. Amene walipira stenti koma osakonzekera mapiritsi ake wagula theka la chithandizo, ndipo theka limeneli palokha likhoza kupha munthu yemwe tikufuna kumupulumutsayo.

Kuti mfundoyi imveke, tiyenera kulowa mu mtsemphamo. Mitsempha imene imadyetsa mnofu wa mtima ndi yaing'ono, yotambalala mamilimita 3 kapena 4 okha. Mkati mwake mwayalidwa kansalu kosalala ka maselo, kopyapyala kwambiri moti selo imodzi ndiyo kuchindikala kwake konse, kamene madokotala amakatcha endothelium. Kansaluka kamatulutsa zinthu monga nitric oxide ndi prostacyclin, zimene zimaletsa timaselo ta m'magazi totchedwa platelets kumatirira kukhoma n'kuyambitsa kuundana kwa magazi. Kuseri kwa kansaluka kuli maselo a minofu amene amathandiza mtsempha kutanuka ndi kubwerera. Dokotala akalowetsa kapaipi kudzera pamkono kapena m'mphechepeche, n'kupopa kabaluni pamalo pamene mafuta athinitsa njira, khoma limang'ambika ndipo kansalu kaja kamasupuka. Limeneli ndi bala lenileni, kungoti sitiliona, ndipo thupi limalisamalira monga limachitira ndi bala lina lililonse: maselo a minofu aja amasamukira mkati, amaswana, n'kupanga chipsera.

Andreas Grüntzig atatsegula koyamba mtsempha wa mtima ndi kabaluni ku Zurich mu 1977, vuto limeneli linaonekera msanga. Mwa odwala atatu alionse, mmodzi kapena kuposerapo ankabwerera pasanathe miyezi isanu ndi umodzi mtsempha utathinanso. Mu 1986 Jacques Puel ku Toulouse ndi Ulrich Sigwart ku Lausanne anayamba kusiya kaukonde kachitsulo mkatimo kuti katchirikize khoma, ndipo kameneka ndi kamene timakatcha stenti. Chitsulocho chinaletsadi mtsempha kubwerera mwakale, koma sichinaletse chipsera. Aliyense amene anamangapo waya woyanikira zovala pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba akudziwa kuti pakapita nthawi khungwa limaumeza wayayo mpaka osaonekanso. Mtsempha nawo umameza timawaya ta stenti, ndipo kumezako kukakhala kwa muyeso ndi kwabwino, chifukwa chitsulo chikakwiririka magazi sakhudzananso nacho. Koma mwa odwala 20 mpaka 30 pa 100 alionse mnofu unkamera mopyola muyeso, n'kudzadza njira imene dokotala anatsegula.

Apa ndi pamene panabwera nzeru yopaka mankhwala pa chitsulocho. Mankhwala oyamba, sirolimus, anachokera ku tizilombo topezeka m'dothi la pachilumba cha Rapa Nui, chimene ena amachitcha Easter Island, ndipo anali akugwiritsidwa kale ntchito poletsa thupi kukana impso yopatsidwa. Amagwira selo n'kuiletsa kufika pa siteji yodzigawa pawiri. Achiwiri, paclitaxel, anachokera ku khungwa la mtengo wa Pacific yew ndipo ndi odziwika pa chithandizo cha khansa. Mankhwalawa amasakanizidwa ndi utomoni wa pulasitiki wotchedwa polymer umene umawatulutsa pang'onopang'ono. Eduardo Sousa anaika stenti yoyamba ya sirolimus mwa munthu ku São Paulo mu 1999, ndipo kafukufuku wa RAVEL, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anadabwitsa madokotala: patatha miyezi isanu ndi umodzi, panalibe ngakhale mmodzi mwa olandira stenti yamankhwala amene mtsempha wake unathinanso, pamene mwa olandira yachitsulo chokha anali 26 pa 100 alionse. America inavomereza stenti ya sirolimus yotchedwa Cypher mu 2003 ndi ya paclitaxel yotchedwa Taxus mu 2004, ndipo m'zaka zochepa mastenti amenewa anatenga malo.

Koma walira mvula walira matope. Mankhwala oletsa maselo kuswana sasankha nkhope. Pamene akugwira maselo a minofu amene timafuna kuti asachuluke, amagwiranso maselo a kansalu kosalala kaja amene timafuna kuti abwerere mwamsanga. Pa stenti yachitsulo chokha, kansaluka kamakhala katayala pafupifupi ponse m'miyezi yochepa. Renu Virmani ndi anzake, amene ankapima mitsempha ya anthu omwalira ali ndi mastenti, anasonyeza mu 2006 kuti pa mastenti oyamba amankhwala timawaya tina tinkakhala tidakali pamtunda ngakhale patapita zaka, titazunguliridwa ndi magazi oundana ndi zizindikiro za kutupa, kumene mwa zina kunkayambitsidwa ndi polymer yemweyo. Chaka chomwecho, pa msonkhano waukulu wa madokotala a mtima ku Barcelona, nkhawa imeneyi inakambidwa poyera, ndipo kalondolondo wa odwala a ku Bern ndi Rotterdam anapeza kuti chaka chilichonse, mwa anthu 1,000 alionse, pafupifupi 6 magazi ankawaundana mu stenti, ndipo chiwerengerochi sichinatsike pa zaka zitatu zimene anawalondola.

Wina anganene kuti 6 pa 1,000 n'kochepa poyerekeza ndi 26 pa 100, ndipo pa masamu akunena zoona. Koma mavuto awiriwa ndi osiyana mtundu. Kuthinanso kwa mtsempha chifukwa cha chipsera kumabwera mokwawa, ndipo kawirikawiri kumachenjeza: munthu amamva chifuwa kuthina akamakwera chitunda kapena akamathamangira kombi, amabwerera kwa dokotala, ndipo pali nthawi yokonza. Kuundana kwa magazi mu stenti kumatseka njira yonse m'kanthawi kochepa, mnofu wa mtima n'kuyamba kufa, ndipo ena safika ndi kuchipatala komwe. Ndi chifukwa chake wodwala amapatsidwa aspirini pamodzi ndi mankhwala ena monga clopidogrel, ticagrelor kapena prasugrel. Mapiritsi awiriwa amafooketsa platelets kudzera m'njira ziwiri zosiyana, ndipo kwenikweni amagwira ntchito imene kansalu kaja kakanagwira kakanakhala kuti kamera. Malangizo amene madokotala ambiri amatsata ndi akuti awiriwa amwedwe limodzi miyezi 12 ngati stenti yaikidwa chifukwa cha heart attack, kutsekeka mwadzidzidzi kwa mtsempha wa mtima, ndi miyezi 6 ngati yaikidwa pa matenda okhazikika, kenaka limodzi mwa iwo lipitirire moyo wonse.

Zimene zimachitika munthu akasiya msanga zinawerengedwa kale. Pa kalondolondo wa PREMIER ku America, wofalitsidwa mu 2006, wodwala mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse amene anaikidwa stenti yamankhwala atadwala heart attack anali atasiya piritsi lachiwiri pasanathe masiku 30. M'miyezi 11 yotsatira, mwa osiyawo anamwalira 7.5 pa 100 alionse, pamene mwa opitiriza anali 0.7 okha. Ena mwa osiyawo anali odwalika kale ndi matenda ena, kotero sitinganene kuti imfa zonsezo zinadza ndi piritsi lokha, komabe kusiyanako n'kwakukulu moti palibe dokotala angakunyalanyaze. Ndipo ngati zoterezi zinkachitika m'dziko lolemera, nanga kwa ife amene mwezi umatithera pa 20?

Bambo wina wa mumpingo mwathu anaikidwa stenti kunja kwa dziko lino ndi ndalama zimene ana ake anasonkha. Anabwera ndi kathumba ka mankhwala, kakhadi kolembedwa dzina la stenti ndi kukula kwake, ndi chikalata cha masamba angapo cha m'Chingerezi cha kuchipatala. Anachiradi moti anayambiranso kulima kadimba kake. Tsiku lina mwana wake wamkazi akusesa m'chipinda anapeza bokosi la clopidogrel lili gwa, timapepala tonse tasiliva titaboola kale. Atafunsa kuti, “Bambo, kodi mapiritsi awa anatha liti?” iwo anayankha mosatekeseka kuti, “Mwana wanga, amenewo anali a nthawi ya matenda. Panopa ndili bwino, ndikumwa a BP okha, ndisakuvutitseni ndi ndalama.” Bambowa sanachite mwano kapena ulesi. Anaganiza monga momwe tonse timaganizira za mankhwala, kuti amamwedwa pamene pali ululu, ndipo anali kuchitira chifundo ana amene anali atakhuthula kale matumba awo. Panalibe amene anawauza m'mawu omveka kuti mkati mwa mtsempha wawo munali chitsulo chosakwiririka, ndi kuti kusamva ululu sikunena kanthu za mmene mkatimo mwapolera. Mwana uja anathamangira ku famase madzulo omwewo, ndipo anachita mwayi.

Pali ena, ndipo ena mwa iwo ndi anthu odziwa zachipatala, amene amati m'dziko ngati lathu, momwe mankhwala amasowa ndipo ndalama sizipanganika, ndi bwino kungobwerera ku stenti yachitsulo chokha, imene imakwiririka msanga ndipo imafuna mapiritsi awiri kwa mwezi umodzi wokha. Maganizo amenewa anali ndi mphamvu zaka za m'ma 2006, koma lero ndikuona kuti atha ntchito. Opanga mastenti anaphunzirapo kanthu pa vuto lija. Timawaya ta Cypher tinali tochindikala mamilimita 0.14, pamene ta Xience, imene inavomerezedwa ku America mu 2008, ndi ta mamilimita 0.08, ndipo alipo ena a 0.06. Waya wopyapyala savundula kayendedwe ka magazi ndipo maselo amaukwera mosavuta. Mankhwala anasinthidwa kukhala everolimus ndi zotarolimus, achibale a sirolimus, ndipo polymer anakonzedwa kuti asamatupitse khoma, winanso kuti azisungunuka akamaliza ntchito. Kafukufuku wa NORSTENT ku Norway, wa anthu oposa 9,000, anasonyeza mu 2016 kuti imfa sizinasiyane pakati pa mitundu iwiriyi, koma olandira yamankhwala sankabwerera kawirikawiri kukatsegulidwanso, ndipo kuundana kwa magazi sikunachuluke mwa iwo. Wa LEADERS FREE, wa mu 2015, anatenga odwala amene sachedwa kutaya magazi, n'kuwapatsa mapiritsi awiri kwa mwezi umodzi wokha, ndipo stenti yamankhwala inapambanabe. Pofika 2018 bungwe la European Society of Cardiology linali kulangiza stenti yamankhwala kwa wodwala aliyense. Ndipo tisaiwale kuti banja la ku Mbare limene lagulitsa katundu kuti lilipire kamodzi silingathe kulipira kachiwiri, kotero stenti imene imachepetsa kubwereza ndi imene imayenera wosauka kuposa wolemera.

Ndingotchulapo pang'ono kuti si chatsopano chilichonse chimene chinayenda bwino. Stenti ya Absorb, yopangidwa kuti isungunuke yonse pakatha zaka zingapo n'kusiya mtsempha wopanda chitsulo, inavomerezedwa ku America mu 2016 ndipo inachotsedwa pamsika mu 2017, magazi ataundana mwa odwala ambiri kuposa pa stenti wamba yamankhwala. Timizati take tinali tochindikala ngati ta mastenti akale aja. Wogulitsa akakuuzani kuti ichi ndi chaposachedwa, funsani kuti chayesedwa kwa zaka zingati.

Kutsutsa kwina kumachokera mbali inayo, ndipo ndi kolemerapo. Ngati mastenti atsopano amakwiririka msanga, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti odwala ena angathe kusiya piritsi limodzi patatha mwezi umodzi kapena itatu, kodi sindikuopseza anthu ndi nkhani ya 2006? Ndikuvomera kuti chiopsezo chatsika kwambiri, ndipo n'zoona kuti mapiritsiwa ali ndi mtengo wake m'thupi: amatha kutulutsa magazi m'mimba, ndipo kwa okalamba, odwala impso ndi amene ali ndi zilonda za m'mimba, kumwa nthawi yaitali kukhoza kuvulaza kuposa kuthandiza. Koma pa kafukufuku yenseyo, amene ankafupikitsa nthawi anali dokotala, atayeza kutalika kwa stenti, malo amene yaikidwa, shuga wa wodwala ndi chiopsezo chake chotaya magazi, ndipo wodwalayo ankapitiriza piritsi limodzi mosadumphitsa. Zimenezi n'zosiyana kutalitali ndi kusiya onse awiri chifukwa chakuti malipiro achedwa, kapena chifukwa chakuti munthu wakwera basi ya ku Blantyre kudzera pa Nyamapanda kukakhuza maliro, n'kukhalitsa kumudzi masabata atatu atanyamula mapiritsi a sabata imodzi. N'zosiyananso ndi kusiya chifukwa wina wanena kuti dzino silingazulidwe munthu akumwa zosungunula magazi. Pa mano ambiri palibe chifukwa chosiyira, ndipo pamene opaleshoni yaikulu ikufunika, amene anaika stenti ndi amene ayenera kufunsidwa kaye. Wodwala akaona chimbudzi chakuda bii kapena magazi osaleka, njira ndi yopita kuchipatala tsiku lomwelo, osati kudzilamula yekha, ndipo mapiritsi opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene timagula mosaganiza kawiri, amawonjezera kutaya magaziko.

Ngakhale kansalu kaja katamera, sikabwerera mwakale ndendende. Makina ounikira mkati mwa mtsempha asonyeza kuti mnofu watsopano wokuta stenti umatha kulowedwanso mafuta pakapita zaka, ndipo izi zimayamba msanga pa stenti yamankhwala kuposa pa yachitsulo chokha. Kotero mankhwala otsitsa mafuta m'magazi, kusiya fodya, ndi kusamala BP ndi shuga si malangizo ongokometsera pepala lotulutsira wodwala. Stenti imakonza masentimita awiri kapena atatu a mtsempha, pamene nthenda ili m'mitsempha yonse.

Izi zikundifikitsa pa funso limene mabanja amaopa kufunsa, poopa kuoneka ngati akuumira ndalama pa moyo wa kholo: kodi stenti ikufunikadi panopa? Pa heart attack yankho ndi inde, ndipo ola lililonse lochedwa limadya mnofu wa mtima. Koma kwa munthu amene chifuwa chimamuthina akagwira ntchito n'kuleka akapuma, kafukufuku wa COURAGE mu 2007 ndi wa ISCHEMIA, wa anthu oposa 5,000, amene zotsatira zake zinalengezedwa mu 2019, anasonyeza kuti kuthamangira kutsegula mtsempha sikunachepetse imfa poyerekeza ndi kuyamba ndi mankhwala abwino, ngakhale kunachepetsa ululu mwa amene unkawavutitsa kwambiri. Pali malo ena mu mtsempha, monga pa tsinde la mtsempha waukulu wa kumanzere kwa mtima, pamene nkhani imasintha, ndipo dokotala ndiye angadziwe. Komabe banja limene likudziwa kuti silingakwanitse mapiritsi a miyezi yotsatira liyenera kunena zimenezo poyera stenti isanalowe, chifukwa ikalowa situlutsidwa. Kunena kuti “Adokotala, ndalama zathu zithera pomwepa, kodi pali njira ina yoyambira?” si chipongwe, ndipo dokotala wabwino amafuna kumva zimenezo asanagwire kapaipi.

Chopweteka pa nkhani yonseyi n'chakuti mbali imene timaiwala ndi yotsika mtengo. Chilolezo choti kampani imodzi yokha izipanga clopidogrel chinatha ku America mu 2012, makampani ambiri akumupanga, ndipo iye pamodzi ndi aspirini ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la World Health Organization. Boma la India, kumene ena mwa odwala athu amapita, linaika malire pa mtengo wa stenti yamankhwala mu February 2017, kuutsitsira pa marupi 29,600, ndipo linachita bwino. Koma wodwala wochokera ku Harare akakwera ndege kubwerera kwawo, dokotala amene anaika chitsulocho amatsala kutsidya la nyanja, ndipo palibe amene ali ndi udindo woona kuti bokosi lachiwiri ndi lachitatu lagulidwa. Mpata umenewu ndi umene uyenera kutsekedwa. Ndikuona kuti chipatala chilichonse choika mastenti, kaya kuno kaya kunja, chiyenera kulemba mtengo wa mapiritsi a nthawi yonse imene dokotala walamula pa pepala lomwelo la mtengo wa stenti, ndipo a medical aid amene avomera kulipira chitsulo asamakanire pa mankhwala ake. Wodwala azituluka atauzidwa tsiku lenileni lokaonananso ndi dokotala wa kuno, ndipo kufotokoza kuzichitika m'chilankhulo chimene iye amamva bwino. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 amazindikira zilankhulo 16, Chichewa chili m'gulumo, ndipo alipo agogo ku Tafara ndi ku Epworth amene Chishona amachilankhula pamsika koma nkhani ya moyo ndi imfa amaimvetsa m'chilankhulo cha makolo awo. Ngati namwino wolankhula Chichewa palibe, mwana kapena mdzukulu akhale pomwepo, afunse mpaka amvetse chifukwa chake piritsi lililonse likumwedwa ndi tsiku limene dokotala adzaunikenso.

Kwa ife osonkha, ntchito ndi yosavuta kuposa pamenepa. Amene wasankhidwa kusunga thumba la msonkhamsonkha asatseke kaundula tsiku limene wodwala watuluka m'chipatala. Apatule ndalama za mapiritsi a miyezi yonse imene yalembedwa, azigula bokosi lotsatira lakale lisanathe, ajambule kakhadi ka stenti kaja pa foni kuti abale onse akhale nako, ndipo wodwala akamanyamuka ulendo wa kumudzi, wina awerenge mapiritsi ali m'chikwama molingana ndi masiku amene akakhaleko, n'kuwonjezerapo a masabata awiri.